Mwera ukamabwera: chenjezo la a zanyengo tilikhulupirire mpaka pati?

Mwezi wa Julayi chaka chatha ndinapita kwathu ku Nkhotakota kukaona amalume, amene anayamba kupha nsomba pa nyanja ine ndisanabadwe, ngakhale kuti masiku ano mphamvu zawachepera ndipo amangoyang'anira boti ndi ukonde wa chilimira zimene anyamata amapita nazo. Tsiku lachiwiri chakumadzulo tinali padooko. Nyanja inali phee, mwezi unali mu mdima, ndipo aliyense wodziwa za usipa ankaona kuti usiku umenewo unali woyenera kauni, usodzi wa usiku wokopa nsomba ndi nyali. Anyamata anali pakalikiliki kukonza nyali ndi kuthira mafuta mu injini pamene mmodzi wa iwo anatulutsa foni n'kuwerenga mokweza uthenga wochokera kwa a zanyengo, wonena kuti kuyambira mawa lake pa nyanja padzaomba mwera wamphamvu, mafunde adzakula, ndipo asodzi ndi onse oyenda pamadzi asamale. Siginala wa botilo, amene amatsogolera anzake kumene kuli nsomba, anapukusa mutu nati, "Amalume, awa ananenanso zomwezi sabata yatha. Ife tinagona kunyumba, anzathu anabwera ndi usipa wodzaza boti." Amalume sanayankhe msanga. Anayang'ana kum'mwera chakum'mawa kwa nthawi yaitali, kenako anayang'ana madzi amene ankafika pamchenga, ndipo pomaliza anati, "Lero pitani, koma musatalikire, ndipo nthanda ikamatuluka mukhale mutafika. Mawa boti silichoka pano."

M'mawa mwake kunacha bwino ndithu, moti siginala uja anandiyang'ana ngati akufuna kuti ndimuchitire umboni. Koma dzuwa litapendeka, madzi anayamba kufufuma pang'onopang'ono ngakhale kuti mphepo inali isanafike, mafunde aatali akubwera motsatizana kuchokera kum'mwera, ndipo pofika usiku mwera unali ukulira m'mitengo ndi kukokomeza malata. Unaomba masiku atatu. Amayi ankavutika kutunga madzi chifukwa mafunde ankawagwetsera ndowa, mchenga unkalowa m'maso ndi m'ndiwo, ndipo mabwato onse anakokeredwa kumtunda kutali ndi pamene amakhala masiku onse.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuganizira mawu a siginala uja, chifukwa sanali mawu a munthu wopusa kapena wamakani, koma a munthu amene anatayapo ndalama chifukwa chomvera chenjezo. Chimene ndatsimikiza ndi chakuti mwa maulosi onse a zanyengo amene timamva m'dziko muno, machenjezo a m'nyengo yozizira, makamaka a mwera ndi chiperoni, ndiwo oyenera kuwakhulupirira kwambiri, koma ambiri aife timawayesa ndi muyeso umene tinatenga ku dzinja, nyengo imene kulosera mvula ya pamudzi umodzi kumavutadi. Tikamva kuti a zanyengo anena, timakumbukira tsiku lija la mu Januwale limene ananena kuti kugwa mvula koma kunawala dzuwa, n'kuiwala kuti mphepo ya mu Julayi ndi nyama ina, yobwera ndi njira ina, yoonekera patali.

Mwera suyambira pa nyanja yathu. Gwero lake lili kutali kum'mwera, kumene m'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti mphepo yozizira imawomba gombe la South Africa kuchokera ku nyanja yaikulu ya Atlantic, n'kubweretsa mvula ku Cape Town, ndipo nthawi zina chipale chofewa m'mapiri a Lesotho. Pambuyo pa mphepo yoteroyo pamatsatira dera lalikulu la mpweya wolemera, lomwe limazungulira gombe la South Africa kulowera kum'mawa, n'kukakhazikika pa nyanja ya Indian. Mpweya umenewu umakankha mphepo yozizira ndi yachinyezi kudzera ku Mozambique, kukwera chigwa cha Zambezi ndi cha Shire, mpaka kufika kwathu kuno. Ikagunda mapiri a Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Zomba imakwera n'kusanduka mitambo yotsika, chifunga ndi mvula yowaza imene timaitcha chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, komwe makolo athu ankaona kuti ndiko mitamboyo imadzera. Ikafika pa nyanja imakhala mwera. Choncho chiperoni ndi mwera ndi ana a mayi mmodzi, ndipo amene ali ndi abale ku Cape Town kapena ku Johannesburg angathe kuyesa okha: achibale akadandaula pa foni kuti kwazizira koopsa, kawirikawiri sipapita masiku ambiri ifenso tisanatulutse majuzi.

Chimene chimachititsa mwera kukhala woopsa pa nyanja ya Malawi ndi kaonekedwe ka nyanjayo. Ndi yaitali pafupifupi makilomita 580, yopapatiza, moti pamene inatambalala kwambiri ndi makilomita 75 okha, ndipo inagona kuchokera kum'mwera kupita kumpoto pakati pa mapiri. Mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imalowa ngati m'ngalande, n'kuyenda mtunda wautali pamwamba pa madzi popanda choitchinga, ndipo mafunde amakula molingana ndi mphamvu ya mphepoyo, nthawi imene yaomba ndi mtunda umene yayenda. N'chifukwa chake mwera womwewo umene ku Mangochi ungakhale wopiririka, pofika ku Nkhotakota, Nkhata Bay, Likoma ndi Chilumba umakhala utautsa mafunde oposa msinkhu wa munthu. Mafunde aatali aja amene amalume anawaona akufika mphepo isanafike sanali matsenga, chifukwa mafunde obadwira kutali amatha kutsogola n'kufika pagombe pamene mphepo yowabala idakali m'njira kapena ikuomba pakati pa nyanja.

Chinthu chachikulu chotere, chotambalala makilomita zikwi zingapo ndiponso choyenda masiku angapo, ndi chimene zipangizo za masiku ano zimachiona bwino. Kulosera nyengo kumayamba ndi kuyeza mmene mlengalenga mulili panopa, pogwiritsa ntchito malo oyezera a pamtunda, zombo, ndege, mabaluni amene amaulutsidwa kawiri pa tsiku m'maiko ambiri, ndiponso masetilaiti monga a Meteosat, amene akhala akujambula Africa kuchokera kumwamba kuyambira m'chaka cha 1977. Zoyezazo zimalowetsedwa m'makompyuta akuluakulu amene amawerengera, pogwiritsa ntchito malamulo a kayendedwe ka mpweya, kutentha ndi chinyezi, mmene mlengalenga mudzakhalire pakapita maola kapena masiku. Likulu lina lotchuka pa ntchitoyi ndi la ECMWF, lomwe maiko a ku Ulaya anakhazikitsa m'chaka cha 1975 ndipo lili ku Reading, ku England, ndipo zotsatira za malo ngati amenewa ndi zimene akatswiri a m'maiko ambiri, kuphatikizapo a nthambi yathu yoona za nyengo imene likulu lake lili ku Blantyre, amaziunika pamodzi ndi zimene ayeza okha asanatulutse uthenga. Akatswiri a ntchitoyi amanena kuti kwa zaka zambiri tsopano luso lolosera lakhala likuwonjezeka ndi tsiku limodzi pa zaka khumi zilizonse, kutanthauza kuti ulosi wa masiku asanu lero ndi wodalirika ngati mmene unalili wa masiku anayi zaka khumi zapitazo. Mbali yathu ino ya kum'mwera kwa dziko lapansi ndiyo inapindula kwambiri ndi masetilaiti, chifukwa nyanja zikuluzikulu kumene mphepo zathu zimabadwira kale zinali zopanda woziyeza.

Komabe pali malire amene ngakhale makompyuta amphamvu bwanji sangawadutse. M'chaka cha 1963 katswiri wina wa ku America, Edward Lorenz, anaonetsa kuti kusiyana kochepetsetsa pa zoyeza zoyambira kumakula tsiku ndi tsiku mpaka ulosi wonse kusokonekera, ndipo n'chifukwa chake palibe amene angakuuzeni moona mmene kudzachere tsiku linalake patapita masabata oposa awiri. Bungwe loona za nyengo la boma la America limanena kuti ulosi wa masiku asanu umalondola pafupifupi maulendo 9 pa 10 alionse, wa masiku asanu ndi awiri maulendo 8 pa 10, koma wa masiku khumi kapena kuposerapo umalondola theka lokha. Pozindikira zimenezi, kuyambira m'chaka cha 1992 malikulu akuluakulu anayamba kuwerengera ulosi umodzi kambirimbiri, ulendo uliwonse atasintha pang'ono zoyambira. Mayankho ambiri akagwirizana, wolosera amalankhula molimba mtima, ndipo akabalalika amadziwa kuti nkhaniyo sinakhazikike. Pa mwera wamphamvu mayankhowo amagwirizana kudakali masiku awiri kapena atatu, pamene pa mvula ya mabingu ya m'dzinja zinthu zimakhala zina, popeza mtambo wa bingu umabadwa masana, n'kukhuthula madzi ake pa midzi iwiri kapena itatu, n'kutha dzuwa lisanalowe. Wolosera angadziwe kuti m'boma la Kasungu mugwa mvula, koma sangadziwe kuti igwa pa munda wa yani. Mlimi amene munda wake unadumphidwa amati a zanyengo ananama, ndipo chikayiko chimenecho amachisunga mumtima mpaka nyengo yozizira.

Tsono ngati machenjezo a mwera ndi odalirika chotero, n'chifukwa chiyani siginala uja anagona kunyumba anzake akupha usipa? Apa ndi pamene ndikuona kuti asodzi ali ndi mfundo imene ife ophunzira sitiyenera kuinyoza. Chenjezo limalondola pa funso lakuti kukubwera chiyani ndiponso masiku ati, koma limafooka pa funso lakuti pa dooko liti ndiponso ola lanji, ndipo msodzi mafunso ake ndi awiri omalizawa. Makompyuta aja amagawa dziko lonse lapansi m'timagawo, ndipo ngakhale abwino kwambiri kagawo kamodzi kamakhala ka makilomita pafupifupi 9 mbali zonse. Pa nyanja yopapatiza ngati yathu, yozunguliridwa ndi mapiri otsetsereka ngati a ku Usisya, Ruarwe ndi Chiweta, timagawo totere sitingaone mphepo imene imatsika m'zigwa usiku, kapena kusiyana kwa gombe lotetezedwa ndi gombe loyang'ana kumene mphepo ikuchokera. Ku Chembe, kumene mapiri a Nankumba amatchinga mphepo ya kum'mwera, madzi angakhale odekha pa tsiku lomwelo limene ku Nkhotakota palibe bwato lingayerekeze kulowa. Uthenga ukanena kuti mwera uomba pa nyanja ya Malawi umakhala woona, koma umakhala ukulankhula za nyanja yonse ngati kuti ndi dziwe limodzi. Ndipo mphepo ikachedwa ndi maola khumi ndi awiri, kwa wolosera ndi kuphonya pang'ono, koma kwa wa kauni ndi usiku wathunthu umene wapita pachabe.

Vuto lina ndi lakuti tilibe maso okwanira pa nyanja ndi pamtunda pomwe. Bungwe la zanyengo la dziko lonse, WMO, lakhala likunena kuti Africa ili ndi malo oyezera nyengo ochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a chiwerengero chimene bungwelo limati n'chofunika. Kuno kwathu zinthu zasinthako m'zaka zaposachedwapa, makamaka kudzera mu ntchito ya M-CLIMES imene inathandizidwa ndi thumba la ndalama zolimbana ndi kusintha kwa nyengo la Green Climate Fund ndi bungwe la UNDP, yomwe inabweretsa makina odziyezera okha nyengo m'maboma ambiri komanso zipangizo zoyandama zoyeza mphepo ndi mafunde pa nyanja. Zimenezi n'zoyamikika, koma chipangizo chimathandiza pokhapokha chikugwira ntchito, ndipo kuchisamalira chaka ndi chaka kumafuna ndalama zimene sizioneka pa tsiku la mwambo wochikhazikitsa. Wolosera amene sakulandira zoyeza kuchokera pakati pa nyanja alibenso njira yodziwira ngati zimene ananena dzulo zinachitikadi, ndipo munthu amene sauzidwa pamene waphonya sangawongole dzanja lake.

Amene amaganiza kuti nyengo yozizira ilibe zoopsa chifukwa kulibe mabingu ndi madzi osefukira akumbukire sitima ya Vipya. Pa 30 Julayi 1946 sitimayo, yomwe inali yatsopano ndipo inali itangoyenda maulendo ochepa, inagubuduzika ndi mphepo yamkuntho kumpoto kwa nyanja, kufupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anamira. Mpaka lero ndiyo ngozi yaikulu kwambiri imene inachitikapo pa nyanja yathu, ndipo inachitika pakati penipeni pa nyengo ya mwera. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda m'chaka cha 1951 n'kukhala mlatho wa anthu a ku Likoma, Chizumulu ndi midzi ya m'mphepete mwa nyanja, inabwera pambuyo pa tsoka limenelo. Koma anthu ambiri amene mwera wawatenga sanali pa sitima yokhala ndi dzina. Anali awiri kapena atatu m'bwato, kapena amayi a geni ya nsomba m'boti lodzaza mopitirira muyeso, ndipo nkhani yawo inathera pa chilengezo chachifupi cha apolisi ndi maliro a pamudzi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mwera womwewo ndi umene umadyetsa nyanja. Ukaomba kwa masabata ambiri umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kum'mwera madzi ozizira a pansi amakwera atanyamula chonde chimene tizomera ndi tizilombo ta m'madzi timadya, tomwe ndi chakudya cha usipa ndi utaka. Asodzi amadziwa kuti nyengo yozizira ndi ya utaka, ndiponso kuti masiku amene mabwato ambiri akhala kumtunda mtengo wa nsomba umakwera, moti amene walimba mtima n'kubwerako amapha makwacha. Wogwira ntchito m'boti salandira malipiro a pamwezi, amagawana zimene zaphedwa atachotsa za mafuta ndi gawo la mwini chilimira. Chenjezo likamuuza kuti akhale kumtunda masiku anayi, likumuuza kuti ana ake adye chiyani masiku anayiwo, ndipo pa funso limeneli uthengawo sunena kanthu. Ndikamamva anthu a m'tauni akunena kuti asodzi samva, ndimadzifunsa ngati iwowo angalole kutaya malipiro a sabata yathunthu chifukwa cha uthenga wa pa foni umene mwina ukunena za gombe lina.

Mkangano umenewu si wathu wokha, ndipo ndi wakale ngati mmene ntchito yochenjeza ilili. Ku Britain machenjezo a namondwe anayamba sitima ya Royal Charter itasweka kufupi ndi chilumba cha Anglesey mu Okutobala 1859, pomwe anthu pafupifupi 450 anafa. Robert FitzRoy, amene ankatsogolera ofesi yatsopano ya zanyengo, anayamba m'chaka cha 1861 kutumiza machenjezo pa telegalafu kumadoko, kumene ankapachika zizindikiro pamtengo wautali kuti oyendetsa zombo aziona asananyamuke. Eni mabwato a usodzi ena anadana nazo chifukwa antchito awo ankakana kulowa m'madzi zizindikiro zikapachikidwa, ndipo asayansi ena ankati maulosiwo alibe maziko okwanira. FitzRoy atamwalira m'chaka cha 1865 machenjezowo anaimitsidwa chaka chotsatira, koma asodzi ndi amalinyero anadandaula kwambiri moti sipanapite nthawi yaitali asanabwezeretsedwe. Anthu amene moyo wawo unali pamadzi anaona kuti chenjezo lophonya nthawi zina linali labwino kuposa kukhala opanda chenjezo. Wolosera aliyense amakhala pakati pa zolakwa ziwiri zimenezi: akachenjeza kawirikawiri anthu amatopa naye, akadikira kuti atsimikize amachedwa. Popeza kulakwa kwina kumatayitsa usipa pamene kwina kumatayitsa moyo, n'zomveka kuti amapendekera ku mbali yochenjeza, ndipo ine sindingamudzudzule pa chimenecho.

Kumtunda nkhani yake ndi yofanana. Ine ndimakhala ku Blantyre, ndipo ndaonapo kangapo chiperoni chikufika pa tsiku lenileni limene chinanenedwa: m'mawa phiri la Ndirande losaoneka, magalimoto akuyenda atayatsa nyali masana, ana akupita kusukulu atakulunga manja m'majuzi, zovala zitakhala pachingwe masiku atatu osauma. Mnansi wanga wina, mayi amene amaumba njerwa, anamvera wailesi n'kufunditsa njerwa zake zosawotcha ndi mapepala apulasitiki usiku woti mawa lake chiperoni chiyamba, pamene ena anapeza zawo zitanyowa n'kuphwanyika m'mbali. Koma ndaonanso pulogalamu ina ya pa foni, ya kunja, ikundionetsa chithunzi cha dzuwa pamene panja pakuwaza, chifukwa mapulogalamu otere amangotenga yankho la kompyuta popanda munthu wodziwa mapiri athu kuliunika. Chiperoni chimadalira kwambiri kukwera kwa malo ndi mbali imene phiri layang'ana, moti ku Thyolo ndi ku Bvumbwe kungakhale chifunga chokhachokha pamene ku Chileka, mtunda waufupi chabe, dzuwa likuwala. Apanso ulosi umadziwa tsiku, koma malire enieni a chifunga ndi ola limene chichoke ndi zina mwa zinthu zovuta kwambiri kulosera kulikonse padziko lapansi.

Tonse tinaphunzira mowawa kuopsa kwa mitambo yotsika ya mwezi wa Juni. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa kunja sikunkaoneka bwino, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, onse n'kumwalira. Zifukwa zonse za ngoziyo zili ndi ozifufuza ake ndipo si cholinga changa kuziweruza pano. Ndaitchula chifukwa m'masiku amenewo Amalawi ambiri anamva koyamba kuti nyengo imene timaiyesa yofatsa, ya mvula yongowaza, ingathe kubisa phiri lonse.

Palinso chisanu, chimene chimabwera mwakachetechete chiperoni chikachoka. Mitambo ikayera, mphepo n'kuleka, kutentha kwa nthaka kumathawira kumwamba usiku ndipo mpweya wozizira umatsikira m'madambo. Alimi a mbatata ya kachewere, tomato ndi nyemba m'madimba a ku Dedza ndi ku Ntcheu amadziwa kuti m'mawa umodzi wotere ungapsereze masamba onse. Ulosi ukanena kuti kuzizira kufika madigiri 6, umanena za malo oyezera amene chipangizo chake chili pamwamba pa nthaka kupitirira mita imodzi, ndipo pansi m'dambo pangazizire kuposa pamenepo ndi madigiri angapo. Mlimi wodziwa dimba lake amachotsera yekha, ndipo ulosi ndi nzeru zake zikaphatikizana ndi pamene amapulumutsa mbewu.

Zina zimene zimawononga mbiri ya machenjezo sizichokera kwa olosera n'komwe, koma kwa ife owafalitsa. Pa WhatsApp ndalandirapo chenjezo la mwera limene wina anadula pamwamba pomwe panali deti, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti linali la chaka chapitacho. Anthu analigawana m'magulu ambiri, mphepo sinabwere, ndipo amene anakhala kumtunda tsiku limenelo anawonjezera umboni wina wakuti a zanyengo sanena zoona. Ndikukayikira kuti chenjezo la sabata yatha limene siginala uja ankadandaula nalo mwina linali la mtundu womwewu, kapena linali loona koma lokhudza mbali ina ya nyanja. Palinso nkhani ya chilankhulo. Kumuuza msodzi kuti mphepo ithamanga makilomita 40 pa ola sikumuthandiza kwenikweni, chifukwa iye sayeza mphepo ndi makilomita. Chimene akufuna kumva n'chakuti kodi bwato lopalasa ndi nkhafi lingalowe, kodi boti la injini lingawoloke kupita ku Likoma, ndiponso mphepoyo iyamba usiku kapena m'mawa. Maiko ena, kuphatikizapo South Africa, anasintha machenjezo awo kuti azinena zimene nyengo ichite kwa anthu osati mmene ikhalire chabe, ndipo amawaika m'mitundu yachikasu, yaolenji ndi yofiira molingana ndi kuopsa kwake. Wailesi za m'madera, monga ya Dzimwe ku Mangochi ndi ya Nkhotakota, zili ndi mwayi waukulu pamenepa chifukwa zimalankhula Chichewa, Chiyao ndi zilankhulo zina za m'mphepete mwa nyanja, ndipo owulutsa ake amadziwa madooko ndi maina awo.

Chimene ndingakonde kuona, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chotheka popanda ndalama zochuluka, ndi chakuti nyanja izigawidwa m'zigawo zingapo pochenjeza, chigawo chilichonse ndi nthawi yake yoyambira ndi yothera, ndipo chenjezo likatha kapena mphepo ikachepa msanga anthu aziuzidwanso kuti tsopano mungalowe. Uthenga wachiwiriwu ndi umene umabweza chikhulupiriro, chifukwa umaonetsa kuti wochenjezayo akuwerengeranso usiku umene msodzi akutaya. Makomiti a padooko angathe kukweza mbendera yofiira kapena yobiriwira mofanana ndi zizindikiro za FitzRoy zija, kuti ngakhale amene alibe foni aone. Ndipo koposa zonse ndingakonde kuti pakutha pa nyengo yozizira iliyonse anthu aziuzidwa poyera kuti machenjezo anatuluka angati, angati anakwaniritsidwa, angati anaphonya, ndiponso ndi mphepo zingati zimene zinabwera popanda chenjezo. Ndili ndi chikhulupiriro kuti chiwerengero chimenecho chingakhale chokomera olosera kuposa mmene anthu amaganizira, popeza mtima wa munthu umasunga tsiku limodzi limene anamukhumudwitsa n'kuiwala masiku ambiri amene anamuuza zoona. Makomiti a padooko omwewo angathandize kulemba zimene aona tsiku ndi tsiku, ndipo zolemba zawo zingakhale maso amene nyanja yathu ikusowa.

Tsiku lachitatu la mwera uja, tili m'nyumba tikuwotha moto, ndinawafunsa amalume ngati analetsa boti chifukwa cha uthenga wa pa foni kapena chifukwa cha zimene anaona pamadzi. Anandiyankha kuti, "Mphwanga, maso anga amaona za mawa, koma awo amaona za mkuja. Kale tinkadziwa mwera utayandikira kale, anyamata ali pakati pa nyanja. Tsopano ndimamva kaye kwa iwo, kenako ndimayang'ana madzi kuti ndidziwe ola." Chaka chino mwezi wa Juni utangoyamba anandiimbira foni madzulo ena, chifukwa mdzukulu wawo amene amawawerengera mauthenga anali atapita ku Salima. Anandipempha kuti ndiwawerengere chenjezo limene linafika, ndipo ndisanayambe n'komwe anandidula mawu n'kunena kuti ndiyambire pamwamba pomwe pali deti.